Dimba la wobwera ku Kachebere

Munthu akasamukira dziko la eni, ufa amaupeza ndithu, pakuti chigayo chili paliponse. Imavuta ndi ndiwo. Masiku oyambirira anansi amakupatsira kambale ka nyemba kapena ka therere, koma sabata ikatha manyazi amayamba kukugwira, ndipo ndalama yogulira kamtolo ka repu tsiku ndi tsiku sichedwa kutha. Apa m'pamene wobwera amayamba kusuzumira kuseri kwa nyumba, kumene amakhuthulira madzi otsukira mbale, n'kuganiza zotemapo khasu.

Ku Kachebere nkhani imeneyi njakale. Malowa ali m'boma la Mchinji, m'tsinde mwa mapiri amene mtsinje wa Bua umayambira, pamalire penipeni pa Malawi ndi Zambia, ndipo kumwera kwa bomali kuli malire ena, a Mozambique. Angoni amene anaoloka Zambezi mu 1835 anadzakhazikika kuno m'masiku a Mpezeni, napeza Achewa alipo kale. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, ndipo mu 1939 panayamba seminale yayikulu imene inkalandira anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia omwe. Emmanuel Milingo wa cha ku Chipata ndi mmodzi mwa amene anaphunzira pamenepa. Nkhondo ya ku Mozambique itafika pachimake m'zaka za m'ma 1980, Malawi inalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Mchinji inali pakati pa maboma amene anawasunga kufikira atayamba kubwerera, mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Onjezeranipo akazi otengwa ndi amuna a chikamwini amene amaoloka malirewa chaka ndi chaka popanda wowalemba m'nyuzipepala. Onsewa anayenera kupeza chodyera nsima pa nthaka imene sanabadwirepo.

Ansembe aja anachokera kumene June ndi mwezi wotentha ndipo munthu amafesa cha mu April. Kuno anapeza zonse zitatembenuka. Kabichi ndi karoti zimakonda kozizira, pomwe kuzizira kwathu kumabwera mvula itatha, moti wofuna kabichi wabwino ayenera kutsikira kudambo n'kukaphunzira kwa eni dziko kalimidwe ka m'dimba. Komanso tisadzitame kwambiri, popeza ndiwo zambiri zimene timati zathu nazo n'zobwera. Maungu, nyemba, tomato, tsabola, chinangwa ndi mbatata kwawo n'ku America.

Koma amene ndikufuna tiwaone bwino ndi mayi ena a Chinsenga, a cha ku Petauke, amene anatengwa m'mudzi wina pafupi ndi seminale. Mtunda umene anayenda ndi wochepa poyerekeza ndi wa amene amapita ku Joni, ndipo chilankhulo sichinawavute kwenikweni. Komabe ndalama inali ina, mfumu ina, dambo lina, ndipo analibe ngakhale kamzere kamodzi kamene akanati n'kawo.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi m'mene anaiwerengera nthaka asanaikumbe. Popita kuchitsime, pochokera kutchalitchi, maso awo ankakhala pansi. Pamene bonongwe, chisoso ndi luni zamera zokha n'kunenepa, ankadziwa kuti panali khola kapena dzala kalekale, ndipo nthaka yake ili ndi chakudya. Pamene pali kaufiti ankapadutsa, chifukwa kaufiti amakonda nthaka yotopa. Bango ndi nsenjere zinkawauza kuti madzi ali pafupi ngakhale mu October. Akafika pamalo powakopa ankatapa dothi, kulinyowetsa pang'ono, n'kulipota m'manja. Likangoyoyoka ndiye kuti ndi mchenga, madzi sadzakhalitsa. Likapoteka n'kumata zala ndi makande, amene amasunga madzi koma amang'ambika m'chilimwe n'kudula mizu. Katondo wofiira wa kumtunda amafuna manyowa ambiri asanakumvere. Eni mudzi zonsezi amazidziwa, komano ambiri a iwo sazifufuza chifukwa munda anaupeza agogo awo atausankha kale. Wobwera alibe agogo pamalopo, ndiye amayenera kuona yekha.

Bedi lawo loyamba linali pafupi ndi dzala kuseri kwa nyumba, ndipo asanafese kanthu anayamba ndi mpanda. Kuno anthu akangokolola amamasula mbuzi, nkhumba nazo zimangoyendayenda, osanena za nkhuku zimene zimatha kufafaniza nazale yonse munthu ali kuchigayo. Mpanda wawo ndi wa tsekera ndi mapesi, ndipo luso lake lili m'munsi: udzu amaukwirira pang'ono m'nthaka n'kuupana ndi mbalo ziwiri, kuti kamwanapiye kasapeze polowera. Anthu ambiri amakometsa mpanda pamwamba pamene maso amaona, nkhuku n'kumalowa pansi.

M'bedimo anafesa bonongwe ndi mpiru. Apa m'pamene pali nzeru yonse ya dimba la wobwera. Bonongwe mumayamba kuthyola pakangotha masabata atatu kapena anayi. Mpiru, repu ndi chayinizi zimakhala pa nazale pafupifupi mwezi, ndipo mukawokera simudikira mwezi wina wathunthu musanalawe. Tomato amafuna miyezi itatu kapena kuposerapo, anyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Munthu amene sakudziwa ngati banja lilimba, ngati mwini malo sawafuna malo ake mawa, kapena ngati nkhondo kwawo itha chaka chino, amabzala chimene chimacha msanga. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo wobwera amayamba kulima akudziwa kuti anthu akumuona motero. Mukafuna kudziwa ngati mtima wake wakhazikika, onani zimene zili m'dimba lake. Mukaonamo anyezi, waganiza zokhala mpaka dzinja. Mukaonamo mapapaya ndi nthochi, waganiza za zaka. Akabzala mango ndiye kuti wasiya zobwerera. N'chifukwa chake akamwini ambiri m'midzi ya Achewa amalima masamba mwakhama koma sabzala mitengo. Anthu amawanena kuti ndi aulesi, koma iwo amangodziwa kuti banja likatha mtengo sunyamulika.

Mbewu zina anabwera nazo atamanga pa nsonga ya chitenje: impwa, lumanda ndi nthanga za maungu a kwa amayi awo. Kasungidwe kawo ka mbewu ndi ntchito yoyenera kuiyang'ana munthu utakhala pansi. Pa bedi lililonse amasiya mitengo iwiri kapena itatu yamphamvu imene sathyolako tsamba ngakhale ndiwo zitasowa bwanji, chifukwa mtengo wothyoledwathyoledwa umabereka njere zofooka. Tomato wa mbewu amasankha wakupsa bwino pa mtengo wopanda matenda, amamufinyira m'kapu, n'kumusiya masiku awiri kapena atatu kuti awire. Kuwirako kumachotsa kanembanemba koterera kamene kamakuta njere. Akatero amatsuka, kuyanika pamthunzi, kusakaniza ndi phulusa, n'kutsekera m'kabotolo kouma. Nthanga ndi nyemba amazipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Ndipo amadziwa kuti tomato kapena kabichi wa haibulidi wa m'paketi sasungidwa mbewu, popeza ana ake satsata kholo. Ameneyo amagula pa Boma kapena ku Chipata akaona kumene ndalama ikuwakomera.

Nazale yawo imaonetsa kuti Mchinji ndi dziko la fodya. Aliyense amene anakulira m'banja lolima fodya amadziwa kusamala mbande, ndipo mayiwa anatengera zambiri kwa alamu awo. Bedi salikulitsa kupitirira mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati phazi lisanaponde. Amaunjikapo zinyalala zouma n'kutentha kuti njere za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka tichepe. Dothi amaliphwanya mpaka lisalale, kenaka amalemba timizere ndi chala n'kufesa mopatulira, njere zing'onozing'ono atazisakaniza ndi mchenga kuti zisagwere pamodzi. Pamwamba amaphimba ndi udzu wouma wopanda njere, ndipo madzi amathirira pa udzupo kuti asafukule mbewu. Tsiku limene mbande zayamba kusuzumira, udzu amauchotsa n'kuukweza pa kathandala, chifukwa mbande yochedwa pansi pa udzu imatalika n'kuwonda, siidzalimbanso. Sabata yomaliza amachepetsa madzi n'kuchotsa mthunzi kuti mbande zikhwime. Kuwokera amachita madzulo dzuwa litapendeka, nazale ataithirira kaye kuti mbande izuke ndi dothi lake. Pobzala amatsindira dothi ndi zala ziwiri m'mbali mwa tsinde, osati kulipana pakhosi. Ine ndaonapo anthu ophunzira za ulimi akufotokoza zimenezi bwino kwambiri pa bolodi, koma kutsindira kumeneku kuli m'zala, ndipo mbande za mayiwa m'mawa mwake zimapezeka zitaimirira.

Chimene chinawadabwitsa kuno ndi chisanu. Mchinji ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200, ndipo mu June ndi July mphepo yozizira imatsikira m'madambo usiku n'kugona momwemo. Repu, kabichi ndi mpiru zimakondwera nazo, koma tomato wamng'ono amawauka. Apongozi awo atawapempherera kachigawo ka dambo kwa a nyakwawa, mayiwa anayang'ana kaye m'mene anzawo amayalira mbewu, ndipo anaona kuti tomato wa amene amakolola bwino amakhala chakumtunda, m'mphepete mwa dambo, masamba ndiwo amatsikira kunsi. Anafunsanso, pajatu safunsa anadya phula. Tsopano tomato wawo wambiri amamuwokera kuzizira kukayamba kutha, cha mu August.

Madzi ndiye mtima wa ntchito yonseyi, ndipo ndi amene amathyola msana. Chitsime cha m'dimba chimakhala chosazama mu May, koma pofika October munthu amachita kutsikiramo ndi makheni awiri. Mayiwa m'chilimwe amakonza mabedi olowa pansi, okhala ndi kamlambala kuzungulira, kuti dontho lililonse likhale pamene lagwera. Mvula ikayamba amatembenuza: mabedi amawakweza kuti mizu isamire. Nthawi yozizira amathirira m'mawa kamodzi, dzuwa la October likafika amathirira m'mawa ndi madzulo. Asanathire amayamba apisa chala m'nthaka, chifukwa pamwamba pamanama. Tomato samunyowetsa masamba, amamuthirira patsinde, poopa chiwawu. Pakati pa mbewu amaphimbira ndi udzu ndi makoko a mtedza, amene ku Mchinji sasowa, ndipo chiswe chikayamba kulondola udzuwo amawaza phulusa n'kuutalikitsa pang'ono ndi tsinde.

Za manyowa sindichulukitsa. A m'khola la ng'ombe ndi mbuzi amawadikira aole, ndipo zitosi za nkhuku zaziwisi amadziwa kuti zimatentha mbewu. Anaphunzira kuumba chimato kwa alangizi, ndipo feteleza akadula amapanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza feteleza pang'ono, madeya, phulusa, ndowe ndi madzi n'kutsekera m'thumba masiku 21. Dothi la pachulu amalimwaza pamene pali mchenga wambiri.

Nkhondo yeniyeni ili pa tizilombo. Nsabwe za masamba zimachuluka kukayamba kutentha, ndipo mayiwa amazipeza msanga chifukwa m'mawa uliwonse amatembenuza tsamba n'kuona kunsi kwake. Amasinja masamba a ombwe kapena a nimu, nthawi zina tsabola, kuviika usiku wonse, kusefa, kuikamo kasopo pang'ono kuti mankhwala amate, n'kuwaza madzulo. Zotsalira za ombwe sazitayira kumtsinje, popeza ndi mtengo womwewu umene umapha nsomba. Kangaude wofiira amakonda tomato wouma ndi ludzu, choncho mtengo wogwidwa kwambiri amauzula n'kuutentha osaumvera chisoni. Palinso kambozi koboola masamba ndi zipatso za tomato, kamene akatswiri amakatcha Tuta absoluta. Nako n'kobwera: kwawo n'ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ndipo pofika 2016 kanali katalowa m'Zambia. Pa bedi limene pachoka tomato sabzalapo impwa, tsabola kapena mbatata ya kachewere, ndipo malo amene panali nazale ya fodya amawapewa, chifukwa zonsezi n'zapachibale ndipo zimasiyirana tinyongolotsi totupitsa mizu. Amatsatizapo anyezi kapena chimanga chachiwisi.

Pano ndinene zimene zimandinyansa m'madimba ena. Alipo amene amatenga mankhwala a fodya kapena a thonje n'kupopera pa repu lero, mawa lake ali nayo pamsika ikunyezimira. Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira, koma ndani amawerenga? Mayiwa amati ndiwo imene sangapatse mwana wawo sangaigulitse kwa mwana wa mnzawo, ndipo ogula awo amadziwa kuti tsamba lobooka pang'ono si chilema. Enanso amalima mpaka m'mlomo mwa mtsinje, kugwetsa bango ndi mikuyu, kenaka n'kumadabwa kuti Bua wadzaza mchenga ndipo zitsime zikuphwa msanga.

Kuthyola ndiwo nako n'luso, ngakhale ambiri sakuwerengera. Repu amamuyamba ndi masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa mtengo, mtima osaukhudza, ndipo mtengo umodzi umawadyetsa miyezi ingapo. Bonongwe amamudula nsonga kuti aphuke nthambi. Nkhwani amathyola wanthete koma osavula mpheto yonse, kuti maungu asalephere. Dzinja likafika, nkhwani, khwanya, chitambe ndi therere zikachuluka moti mbuzi n'kuzinyoza, iwo amakhala akufutsa. Masamba amawawiritsa pang'ono chabe, kuwayanika, n'kuwakulunga m'masamba a msuku kupanga zikwatu zimene amapachika kudenga. Mfutso umenewu ndi umene umatseka mpata pamene dimba la dzinja latha ndipo la chilimwe lisanayambe kubereka. Mukaudya wotendera m'mwezi wa May simungafunse za nyama.

Chomwe anachita ndi zokolola zoyamba chikuonetsa kuti ankadziwanso kulima anthu. Mtolo woyamba unapita kwa apongozi, wachiwiri kwa mayi amene ankawapatsira ndiwo masiku oyamba aja. Mbande zotsala pa nazale sanagulitse, anagawira anansi. Impwa poyamba ena ankazikana kuti n'zowawa, koma lero zili m'madimba angapo a m'mudzimo, ndipo amene ankawatchula kuti “a ku Zambia aja” tsopano amabwera m'mawa n'kuodira: “Zikomo amayi, tabwera kudzapempha mbewu.” Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Luso lomweli mudzalipeza kulikonse kumene anthu a kwathu anapita. A m'nthawi ya Wenela ndi Mthandizi anasiya mbiri ku Johannesburg ndi ku Salisbury, Harare ya lero, yoti Amalawi amadziwa kusamala maluwa ndi kapinga wa mabwana. Zimene sizinenedwa kawirikawiri n'zakuti kuseri kwa kanyumba kawo kantchito ankabzalako maungu, mpiru ndi chimanga cha iwo eni, ndipo mpaka lero Amalawi okhala kumeneko amatero, ena m'matayala akale ndi m'matumba a simenti. Kumeneko sukulu imayambiranso, chifukwa Johannesburg ili pamtunda woposa mamita 1,700 ndipo chisanu chake chimapha maungu usiku umodzi. Amene anapita ku England amakumana ndi zina: chilimwe chachifupi, masiku aatali kwambiri, moti chimanga cha kuno chimangokula osafulumira kumasula mpaka kuzizira kuchipeza. David Mwanaka, mtolankhani wa ku Zimbabwe amene anasamukira ku Britain, anayesayesa kwa zaka zingapo mpaka anakwanitsa kulima chimanga choyera kumeneko n'kuyamba kuchigulitsa kwa anthu a ku Africa okhala m'dzikomo. Chimene chinamuyambitsa ndi chomwe chinayambitsa mayi a ku Petauke aja, kulakalaka chakudya cha kwawo.

Pa nkhani yonyamula mbewu pali pofunika kuchenjera. Malire a Mchinji ndi Mwami tsopano ali ndi chipata chimodzi chogwirira ntchito pamodzi, chimene chinatsegulidwa mu 2022, ndipo lamulo limafuna chilolezo pa zomera zolowa m'dziko. Koma tonse tikudziwa kuti njira za njinga ndi za miyendo n'zambiri kuposa zipata. Choopsa kwambiri ndi mphukira, mbande ndi dothi lomatirira ku mizu, chifukwa matenda amabisala m'menemo. Chisaka chimene chinatha nthochi ku Nkhata Bay ndi ku Thyolo chimafala kwambiri ndi mphukira zopatsana mwachikondi. Mayiwa nthochi zawo anatenga kwa anansi a m'mudzi momwemo, atayamba aona kholo lake kuti n'labwinobwino.

Nthochi zimenezo anabzala liti? Anabzala a nyakwawa atanena pamaso pa mboni kuti kachigawo ka dambo kaja adzalimapo iwo ndi ana awo. Asanamve mawu amenewo manyowa ankathira ongokwanira nyengo imodzi, ndipo chitsime sanachimangire. Atangowamva anayamba kututa ndowe ndi ngolo, anabzala udzu wa vetiva m'malire kuti dothi lisakokoloke, ndipo anasiya kamzere ka bango m'mbali mwa madzi osalimamo. Munthu yemweyo, khasu lomwelo, koma dimba linasintha chifukwa cha mawu a tsiku limodzi. M'madambo ambiri a ku Mchinji obwera amabwerekedwa malo kwa nyengo imodzi yokha, ndipo dimba likangoyamba kukongola mwini wake amakumbukira kuti mphwake akulifuna. Wobwera woteroyo amaphunzira msanga kuti kukometsa nthaka n'kudziitanira kulandidwa, ndiye amaikama n'kuisiya.

Choncho inu mafumu ndi anyakwawa a ku Kachebere ndi madera ozungulira, wobwera akadzagwada kupempha kachigawo ka dambo, musamubwereke kwa chilimwe chimodzi. Muuzeni zaka zodziwika, pamaso pa mboni, kuti alimbe mtima kuthira manyowa ndi kubzala nthochi.